Diso la Alamu

Ndine ndinayambitsa zonsezi, ndipo ndanenera kumayambiriro komwe kuno kuti pasadzapezeke wina wolanda ulemu wanga. Kwathu nkhani ikakoma aliyense amafuna akhale mwini wake. Pano pali kale mnzanga wina amene akumauza anthu kusukulu kuti nzeruyo anandipatsa ndi iye. Akunama. Bodzalo ndinalipeka ndekha, pakhonde pa amayi, masanasana, ndili Folomu 3, ndipo silinanditengere nthawi yoposa imene munthu amamezera malovu.

Kuti mulimvetse, muyambe mwadziwa za amayi anga ndi alamu. Achemwali anga, amene ndi oyamba kubadwa, anakwatiwa ndi telala wa ku Nsanama. Kwathu kuno, kufupi ndi Nkaya, mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo alamu anabweradi n'kumanga kanyumba kuseri kwa mtengo wa mango. Koma udzu wa padenga usanade n'komwe, anapita ku Joni kukasokera kumeneko, kenako anaitanitsa achemwali. Amayi sanakondwe. Abambo anatisiya ndili wamng'ono, choncho pakhomo tinatsala awiri, ine ndi iwo, ndipo kwa miyezi ingapo mkamwiniyo ankanenedwa kumunda, pamjigo, ngakhale pobwera kutchalitchi.

Koma kumunena munthu n'kwina, ulemu n'kwina. Amayi ndi a mwambo wakale, woti mkamwini suyang'anizana naye maso. Nthawi imene alamu ankakhala nafe, akakumana panjira amayi ankapatukira m'chimanga, n'kugwada cham'mbali, moni n'kupereka nkhope ili kwina. Sankadya alamu akuona, sankaseka mokweza alamu ali pafupi, ndipo mpango ukawagwa kumutu ankathawira m'nyumba ngati atuluka osavala. Ndikhulupirira kuti nthawi imeneyo amayi ankawadziwa alamu ndi mawu komanso nsapato basi.

Ndiye kunabadwa mwana ku Joniko, wamkazi, mdzukulu woyamba wa amayi. Patapita milungu ingapo tinalandira uthenga woti munthu wina wobwerera kumudzi watinyamulira katundu, tikamuchingamire ku Balaka. Ndinapalasa njinga ndine. Katunduyo anali kabokosi koyera, ndipo njira yonse yobwerera ndinakabisa m'malaya, ndikuzemba maenje ngati ndanyamula mazira.

Amayi anali nayo kale foni, kafoni ka mabatani komanga ndi mphira, kamene ankakamangirira pamfundo ya chitenje limodzi ndi kiyi wa nyumba. Chimene chinatuluka m'bokosi lija sichinali foni, chinali chifoni. Chinali chachitali kuposa chikhatho changa ndi zala zomwe, chopyapyala, chakuda bii, chosalala ngati madzi a m'ndowa m'mawa anthu asanatunge. Amayi anachilandira ndi manja awiri, anachitembenuza, anachiyang'ana m'mbali, kenako anasuzumira m'bokosi.

“Mabatani ake ali kuti?”

“Chilibe mabatani, amayi.”

“Iwe, sunagwetse panjira?”

Ndinachiyatsa. Galasi lonse linawala, ndipo amayi anachitalikitsa pang'ono ngati chiwalavulira. Ndinawagwira chala kuti ndiwaphunzitse. Vuto linali loti chala cha amayi chinazolowera khasu, thonje ndi mabatani olimba a kafoni kaja, ndiye chikafika pagalasi chinkadina ndi mphamvu yake yonse. Zinthu zinkangotseguka zokha, zina kuthawa, zina kuyamba kuimba.

“Musamadine ngati mukupha nsabwe,” ndinawauza. “Muzingokhudza, ngati mukuyesa simbi kuti yatentha.”

Anayesa motero ndipo zinatheka. Ndinawakulitsira zilembo mpaka anawerenga okha dzina la achemwali popanda kutsinzina diso limodzi monga ankachitira ndi kafoni kaja. Anaseka, n'kuwerenganso kachiwiri. Kenako, posadziwa, anakhudza pojambulira, ndipo pagalasi ponse panadzadza nkhope ya mayi wina atakwinya pamphumi.

“Ameneyu ndani?”

“Ndinu.”

Anadziyang'ana nthawi yaitali, anakonza mpango, anapukuta thukuta pamphuno. “Kanga kakale kaja kanali ndi ulemu,” anatero. “Sikanandiuzepo kuti ndakalamba.”

Mpaka apa zonse zinkayenda bwino. Chimene chinaononga ndi chigamulo chimene anapereka kenako. Anati chifonicho chizikhala m'sutikesi mwawo, pansi pa zitenje za kutchalitchi, ndipo ine ndizichigwira pokhapokha achemwali akaimba. Ndinamva ngati andilanda nyama ili kale pakamwa. Ine amene ndinachipalasira njinga, ine amene ndinali nditaganiza kale za mpira umene ndizionera pagalasi limenelo, ndizichiona Lamlungu lokha ngati wansembe?

Nthawi yomweyo amayi analoza pamwamba pa galasi. “Nanga kadontho aka?”

“Ndi diso.”

“Diso la ndani?”

Funso lokongola chonchi silibwera kawiri pa moyo wa munthu.

“La amene anagula,” ndinatero. “La alamu.”

Amayi anaumitsa khosi. “Amaona?”

“Nanga akanagulira chiyani chachikulu chonchi? Kuti aziona bwino.”

“Ngakhale chitazima?”

“Chikazima m'pamene amaona bwino kwambiri, chifukwa kuwala sikuwathobwa m'maso.”

Sindinaonepo munthu akutsitsa chinthu pansi pang'onopang'ono ngati mmene amayi anachitsitsira chifoni chija pamphasa. Nkhope inali itatembenukira kale kukhola la mbuzi. Anabwerera cham'mbuyo ndi maondo, anakokera chitenje kumapazi, n'kuomba m'manja mofatsa.

“Mwaswera bwanji, apongozi?”

Ndinaika khutu pafupi ndi chifonicho. “Akuti aswera bwino, kaya inu.”

“Taswera. Tathokoza mphatso.” Kenako monong'ona, mano ali olumana: “Iwe, bwanji sunanene msanga? Ndakhala ndikuwatuzulira maso ngati wamisala. Chichotse. M'nyumba mwanga chisalowe. Ndizivula bwanji, ndizidya bwanji?”

Madzulo a tsiku limenelo chifoni chinasamukira m'gowelo mwanga, ndipo chinasamuka ndi chilolezo cha mwini wake.

Masiku otsatira ndimawakumbukira ndi mtima woyamikira. Poyamba chinkandisowetsa mtendere. M'thumba la buluku la kusukulu sichinkakwana, mutu wake unkasuzumira kunja, ndipo ndikakhala pansi chinkandibaya m'chiuno. Chala chachikulu sichinkafika tsidya lina la galasi, choncho ndinkachigwira ndi manja awiri ngati ndikulandira kanthu kwa akuluakulu. Tsiku lina ndikuonera chagada chinandipulumuka n'kundimenya pamlomo, ndipo ndinayamba ndapukuta galasi ndisanaone ngati mano alipo onse. Netiweki yabwino inkapezeka pachulu cha kuseri kwa nyumba, moyang'anana ndi njanji, ndipo moto ndinkakatchajitsa kwa ometa tsitsi ku Nkaya. Koma pasanathe sabata zala zinazolowera, mpaka ndinayamba kukhudza chikuto cha buku la sayansi kuti chiyake.

Mpira ndinauona monga sindinauonepo. Kuholo ya kanema munthu umaonera pakati pa mitu ya anthu, fungo la thukuta lili tho, ndipo chigoli chikalowa umachimvera kwa a kutsogolo. Apa osewera anali m'manja mwanga, ndinkaona ngakhale udzu ukudumpha pansi pa nsapato. Ndisaname kuti unali mpira wokhawokha. Chithunzi cha mtima wa munthu, chimene m'buku lathu la kusukulu chinafufutika n'kutsala ngati mbatata, ndinachipeza chamitundumitundu, n'kuchitambasula ndi zala ziwiri mpaka ndinaona tizitseko take. Mayeso a teremu imeneyo funso la mtima ndinalikhoza lonse. Choncho amene akufuna kundiweruza awerengerenso zimenezo.

Phindu lina linabwera lokha, sindinalikonze. Amayi anasiya kulowa m'gowelo mwanga, ndiye nkhani ya kusesa ndi kuyala inatheratu. Akamadutsa pakhomo langa ankawerama n'kuyang'ana kumbali. Kenako ndinatulukira kuti ndikaika chifonicho m'thumba la malaya, diso lili kunja, amayi sangandikalipire. Ndani angakalipe apongozi akuona? Ndikachedwa kumasula mbuzi ankangomwetulira moyang'ana pansi n'kunena ndi mawu a kutchalitchi kuti, “Bambo, mukachisiya chimenecho mubwere kuseri kuno tikambirane.” Ine osachisiya. Ngakhale ndiwo za m'mbale mwanga zinachuluka, kuopa kuti ku Joni kungamveke zoti mwana akuzunzika.

Chimene sindinachiwerengere ndi chifukwa chimene chifonicho chinagulidwira. Lamlungu lililonse tikabwera ku Misa achemwali ankaimba foni ya kanema kuti amayi aone mwana. Chikangolira, amayi ankasowa. Ndinkakwera pachulu ndekha, achemwali n'kutulukira pagalasi atanyamula kamwana kovala chipewa choluka.

“Amayi ali kuti?”

“Apita ku mphakati.”

Sabata inayo: “Ali kudimba.”

Sabata inanso achemwali anati, “Tatembenuza foniyo.” Ndinatembenuza, ndipo anaona nsonga ya chitenje ikuzimiririka kuseri kwa khola. Anangoti ndipereke moni, n'kudula.

Pakafoni kakang'ono kaja amayi ankalankhula nawo bwinobwino. Ankafunsa ngati mwana akuyamwa, ngati mchombo unapola, ngati akumufunditsa mokwanira poti kumeneko amati kumazizira. Koma achemwali akati, “Bwerani pafoni yaikulu mumuone,” amayi ankayankha kuti atanganidwa ndi nandolo. Chifukwa chenicheni sakanachitchula. Mayi angauze bwanji mwana wake kuti mwamuna wako akumasuzumira pakhomo panga? Zithunzi za mwanayo zinalimo zambiri m'chifonimo, ndipo tsiku lina ndinawauza kuti aone chimodzi chokha. Anatambasula dzanja, kenako analibweza. Kuti aone chithunzi anayenera kuyang'anizana ndi diso lija.

Akwathu ndi akwawo kwa alamu anagwirizana kale kuti poti mwana ndi wamkazi, dzina adzapereka ndi amayi. Ndipo amayi anali atanena okha kuti iwo satchula dzina munthu amene sanamuone nkhope. Lachisanu lina masana kafoni kaja kanalira tikusenda nandolo pakhonde. Kali ndi sipika yaphokoso, ndiye ndinamva zonse.

“Amayi, ubatizo ndi mkuja, Lamlungu. Ngati mukadali ndi mkwiyo woti ndinachoka pakhomo, ingonenani. Koma mwanayu sanakulakwireni. Foni tinagula kuti mumuone, inu mukuithawa. Mukapanda kumuona mawa, dzina apereka a ku Nsanama. Ine ndatopa kuwanamiza kuti netiweki ikuvuta.”

“Iyayi, mwanangu, si choncho.”

“Nanga ndi chiyani?”

Amayi anayang'ana kugowelo kwanga, kumene chifoni chinali, n'kubwerera ku nandolo zawo mpaka achemwali anadula.

Ndinaganiza zoulula tsiku lomwelo, ndithu ndinaganiza. Koma Loweruka m'mawa anzanga anali atapangana zobwera kudzaonera zigoli za sabata imeneyo, ndipo ndinaona kuti choonadi chikhoza kudikira mpaka masana. Tinaonera pachulu, mitu itagundana, mpaka batire inatheratu chifoni n'kuzima chokha.

Anzanga atangochoka ndinamva “Odi” pakhomo la gowelo. Amayi sanandiodirepo chibadwire changa. Nditatuluka ndinawapeza atasamba, atavala chitenje chatsopano ndi bulauzi yoyera ya kutchalitchi, m'khwapa atapanira nkhuku yathadzi yamawangamawanga, imene ankaisungira Khirisimasi, miyendo yake itamangidwa ndi luzi.

“Tulutsa mpando,” anatero. “Uwakhazike apongozi pamenepo.”

Ndinatulutsa mpando, ndinatsamiritsa chifoni chozima chija. Amayi anagwada chapatali, cham'mbali, nkhope kumtengo wa mango. Anaika nkhuku pansi n'kuikankhira kumpando. Ine ndinaluma mlomo, chifukwa kuseka kunali kutafika kale pakhosi.

“Apongozi,” anayamba, “pepani ndakusokonezani pa ntchito. Ndabwera ndi kankhuku aka, si kanthu. Ndili ndi pempho limodzi. Mphatso yanu ndinailandira ndipo ndi yabwino. Koma inu mukudziwa mmene tinaleredwera, sindingathe kuyang'anizana nanu. Ndiye ndimati, ngati n'kotheka, mutsinzineko pang'ono, kapena mutulukeko panja kanthawi kochepa, ndione mdzukulu wanga. Sindichedwa. Ndingoona nkhope yokha.”

Anaomba m'manja n'kudikira. Nkhuku inalira kamodzi. Sitima ya katundu inadutsa kutali, ndipo amayi anadikira mpaka phokoso lake linatha, kuopa kuti yankho lingawapite.

“Akuti chiyani?” anandifunsa monong'ona.

Ine amene ndinali womasulira wa alamu kwa milungu yonseyi, ndinangoyang'ana nkhuku ija. Kuseka kuja sindikudziwa kumene kunalowera.

“Akana,” anadziyankha okha. “Sindingawadandaule. Ndinawanena kwambiri atatenga mwana wanga. Mwina ndi zomwezo anazimva.” Anadzuka, anasansa fumbi m'maondo, anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. “Nkhukuyo ndi yawo ndithu. Uimasule ingafe ndi dzuwa.”

Sindinapalasepo njinga ngati tsiku limenelo. Kwa ometa ku Nkaya ndinapeza mabowo onse a magetsi ali ndi mafoni a anthu, ndipo ndinazula ya munthu wina amene anali atafunditsidwa nsalu, theka la mutu litametedwa, woti sakanatha kundithamangitsa. Chitangoyaka ndinaimbira alamu. Anatulukira pagalasi ali pamakina, tepi ili m'khosi.

Mlamu ndi munthu woseka naye, choncho sindinazungulire.

“Alamu, muli ndi mlandu kumudzi kuno.”

“Ndapalamulanso chiyani, bwana wanga?”

“Mwakhala mukusuzumira apongozi anu.”

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira kadontho kaja. Anaseka mpaka anagwetsa sizasi, anatsokomola, anaitana mnzawo wa makina a pambali kuti amve nawo. Nditafika pa za nkhuku ndi pempho lija, kuseka kunaduka.

“Dikira. Ukuti amayi akhala akuganiza kuti ine, ineyo, ndagula foni kuti ndiziwaonerera pakhomo pawo?”

“Koma sanakwiye. Akupatsani nkhuku.”

“Iwe mwana. Ndikadzabwera ndidzakusoka pakamwa ndi makina ano, ulusi wake wosokera jinzi.”

Achemwali anali pafupi, ndipo analanda foniyo. Mawu amene anandiuza sindingawalembe, chifukwa ena mwa iwo sindinkadziwa kuti amawadziwa. Ometa anazimitsa makina kuti amve bwino. Atatha mpweya anafunsa ndi mawu ena, aang'ono.

“Ndiye kuti amayi sakudana nane?”

“Agwadira mpando chifukwa cha mwana wanuyo.”

Anaphimba kumaso ndi dzanja. Sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, ndipo ndikuganiza kuti nawonso sankadziwa. “Thamanga,” anatero. “Ukafika uimbe.”

Ndinawapeza amayi atavula kale za kutchalitchi zija, akupeta nandolo. Ndinabisa chifoni kumbuyo.

“Apongozi anu avomera. Akuti atuluka panja.”

Limeneli silinali bodza lenileni, choncho musaliwerengere.

Lichero linatsala pomwepo. Anakwera chulu patsogolo panga, opanda nsapato, akumanga mpango m'njira. Ndinaimba. Asanayang'ane, kunamveka mawu a alamu chapatali.

“Amayi, ndili panja, kuseri kwa chitseko. Khalani omasuka.”

“Zikomo, apongozi,” anayankha amayi akuyang'ana kunjanji. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono.

Achemwali anali atayandikitsa mwanayo mpaka nkhope yake inadzadza galasi lonse. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene alamu anasankhira chifoni chachikulu chonchi. Nkhope ija inali yaikulu ngati mmene ilili ya mwana weniweni ukamunyamula m'manja. Tinkaona nsidze zake zosaoneka bwino, kamkaka kouma pakona ya mlomo, timitsempha ta pachikope. Anayasamula, ndipo tinaona mpaka nkhama.

Amayi anatambasula chala chija cha khasu ndi thonje, ndipo ndinachita mantha kuti adina n'kudula foni. Koma anangokhudza, monga ndinawaphunzitsira, ngati akuyesa simbi. Anasisita tsaya, anatsikira kuchibwano.

“Makutu awa ndi a malemu bambo ako,” anatero. “Tamuvula chipewacho. Eya. Tamutembenuza. Ukumudyetsa iwe? Bwanji khosi lili lopyapyala?”

“Amayi, ndi wonenepa uyu.”

“Wonenepa kuti? Tandionetsa mapazi.”

Anamuyendera yense, chala ndi chala, ngati akugula mbuzi. Atakhutira anamuitana ndi dzina la amayi awo, amene anabwera kuno wapansi kuchokera ku Mozambiki ali kamtsikana. Analitchula katatu, ndipo kachitatuko mwanayo anayetsemula. Amayi anati wavomera.

Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pabwino pamenepa ndipo tonse tikhoza kutsika. Koma mawu a kuseri kwa chitseko anabweranso.

“Amayi, ndisanabwerere ku ntchito, pali kanthu kamodzi. Diso limene lili pafonipo si langa. Silimaona kanthu foni ikazima. Ngakhale ikayaka, ine sindingaone kumeneko pokhapokha titaimba inu n'kuyankha, ngati panopa. Pakhomo panu sindinasuzumirepo, ndipo pempho lanu la masana sindinalimve. Ndikanalimva sindikanakana. Amene anakuuzani zimenezo ndi amene wagwira foniyo.”

“Ndamva, apongozi. Zikomo pondimasula.”

Anayankha mofatsa, maso ali pa mdzukulu, akumwetulira. Dzanja lawo lamanzere linanyamuka lokha, osayang'ana n'komwe, n'kupeza khutu langa. Anapitiriza kucheza ndi mwanayo, akumuimbira kanyimbo, khutu langa lili m'manja, mpaka batire inathanso. Sindikanatha kuthawa, chifukwa ndikanagwedeza chithunzi.

Chilango chenicheni chinabwera mawa lake titabwera ku Misa. Amayi anaitana amayi anzawo a mu mphakati kuti adzaone mdzukulu atavala zoyera za ubatizo. Onse atakhala mozungulira chulu, anatulutsa mpando uja, anatsamiritsapo chifoni, ulendo uno chili choyaka, alamu ali pagalasi ndi suti yawo. Amayi anakhala kumbuyo kwa mpando kumene diso silifika. Kenako anandiponyera chitenje ndi mpango.

“Vala. Ugwade pamene ndinagwada ine, mmene ndinagwadira ine, upepese alamu ako.”

Ndinavala. Chitenje ndinachimanga bwino, mpango ndinaupinda kutsogolo ngati wa amayi a kwaya. Ndinagwada cham'mbali, nkhope kumtengo wa mango, ndinaomba m'manja, n'kuyamba ndi mawu opyapyala kuti, “Apongozi, pepani ndakusokonezani pa ntchito.” Mayi wina wachikulire anaseka mpaka anagwera mnzake. Amayi anayesetsa kuumitsa nkhope, koma mapewa ankawagwedezeka. Alamu anandijambula kuchokera ku Joni komweko, ndipo chithunzicho chinafika ku Nsanama dzuwa lisanalowe. Ndinachiona. Ndinatuluka bwino, ndipo pagalasi lalikulu maluwa a chitenjecho amaoneka onse.

Panali zigamulo zina ziwiri. Choyamba, chifoni chinabwerera m'sutikesi, ndipo ine ndinasanduka mtengo wochinyamulira. Lamlungu lililonse ndimaima pachulu, manja onse awiri ali m'mwamba, kwa nthawi yonse imene amayi akucheza, ndipo amayi anga akayamba kufotokoza za amene wadwala ndi amene wakwatiwa m'mudzi muno sadziwa kuti dzuwa limayenda. Ndikatsitsa mkono pang'ono amangoti, “Mwana wapendekeka,” ine n'kukweza. Alamu akafuna kulankhula nawo ndimatembenuzira galasi kunjanji, awiriwo n'kumacheza za mitengo ya nandolo ndi za kanyumba kaja kofunika kufolera. Chikhalire sanachezepo chonchi, ngakhale nthawi imene ankakhala bwalo limodzi. Palibe amene wabwera kudzandithokoza, koma ine ndikudziwa amene anawalumikiza.

Mikono imawawa, inde, koma yayamba kutuluka minofu, ndipo mdzukulu uja nkhope yoyamba imene amaona foni ikalumikizika ndi yanga. Pano akandiona amamenya galasi ndi chikhatho. Komanso amayi sanaphunzirebe kulowetsa bandulo, ndiye sutikesi ija imatseguka kawirikawiri kuposa mmene chigamulo chinanenera.

Chachiwiri chinali cha nkhuku. Amayi anati mphatso ikaperekedwa sibwerera, nkhukuyo ndi ya apongozi, ndipo woisamala mpaka adzabwere ndine: kuidyetsa, kuitsekera, kuithamangitsira mphamba. Ndinavomera ndi mtima wonse. Imagona m'gowelo mwanga, pakona pamene ndinkabisa chifoni, ndipo ndi nkhuku yakhama kwambiri. Alamu akafunsa ndimawauza kuti sinayambe kuikira. Diso lawo, monga anafotokozera okha pamaso pa mboni, limaona pokhapokha akaimba.